Mawu a bambo ake amusiyitsa kuvina

Zikomo Agogo,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Kwathu ndi ku Ntcheu koma tikukhala ku Leicester, kuno ku Mangalande, komwe ine ndi amuna anga tikugwira ntchito. Mwana wathu woyamba ndi wamkazi wa zaka 10. Ali ndi vuto la kumva ndipo amavala timakina ta m'makutu, koma kuvina ndiye musanene, amakukonda kwabasi.

Kunoko kuli mpikisano wa magule wa pa TV wotchedwa Strictly Come Dancing umene timaonera limodzi Loweruka madzulo. Mu 2024 atalowetsamo bambo wina wosaona, Chris McCausland, amuna anga anayamba kulalata: "Wakhungu angavine chiyani? Angomuikamo kuti anthu amumvere chisoni." Atapambana anati, "Si ndinanena? Mavoti achisoni!" Mu 2025 analowetsamo Ellie Goldstein, mtsikana wa Down syndrome, nyimbo inali yomweyo. Amati si iwo okha, pa Facebook ponena zimenezi ndi ambiri.

Tsopano mwana wanga wasiya gulu lovina la kusukulu. Nditamufunsa anati, "Amayi, akamandiombera m'manja muja amakhala akundimvera chisoni eti?" Agogo, ndinalira. Nditawauza bambo ake anati ndikukuza nkhani, iwo amanena za anthu a pa TV osati mwana wawo. Patha masabata atatu tisakuyankhulana bwino. Kodi nditani?

Mayi wosweka mtima,
Leicester

Zikomo mayi,

Pepani ndi zimene zakugwerani. Simukukuza nkhani ayi, nkhaniyi ndi yaikulu kale. Koma ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono amuna anuwo, chifukwa mukapita kwa iwo muli ndi maganizo akuti zonse zimene ananena ndi zabodza, sakumverani.

Mpikisano umenewu unayamba mu 2004 pa BBC, ndipo kudandaula kwa oonera si kwa lero. Amatenga munthu wotchuka, kaya wa mpira, wa zisudzo kapena wa ndale, n'kumulumikiza ndi katswiri wovina kuti amuphunzitse. Sabata iliyonse majaji amapereka malikisi, oonera nawonso amavota, ndipo ziwirizi amaziphatikiza. Pa ndime yomaliza ndiye majaji amangothirirapo ndemanga, wopambana amasankhidwa ndi mavoti a oonera basi. Choncho n'zoona kuti kukondedwa kumatha kuposa luso. Mu 2008 munali mkulu wina, mtolankhani wa za ndale John Sergeant, amene mapazi ake anali olemera ngati waponda m'matope. Majaji ankamupatsa malikisi ochepa, oonera n'kumamubweza sabata ndi sabata, mpaka mwini wakeyo anachoka yekha poopa kuti angadzapambane zikhale zoseketsa.

N'zoonanso kuti eni mapulogalamu oterewa nthawi zina amasankha munthu kuti anthu akangane. Ku America kuli mpikisano wofanana nawo, Dancing with the Stars. Mu 2024 anaikamo Anna Sorokin, amene khoti linamupeza wolakwa mu 2019 pa mlandu wobera anthu mwachinyengo, ndipo anavina atavala kachipangizo ka pamwendo kamene boma limaonera komwe ali. Anthu anakwiya, koma anaonera. Mkwiyo wanu kwa iwo aja ndi malonda. Ndipo mkwiyowu umafika patali. Mu 2010 mkulu wina wa ku Wisconsin anaombera TV yake ndi mfuti atatopa ndi kuona Bristol Palin, mwana wa wandale Sarah Palin, akupitirirabe mumpikisanowo. Mkazi wake anathawa m'nyumba, apolisi n'kuchezera usiku atazinga nyumbayo. Za gule wa anthu ena, mwamva?

Apo ndiye pathera kuwaikira kumbuyo kwanga.

Amuna anu sanadandaule za munthu wolephera kuvina. Anaweruza munthu asanaponye n'komwe phazi, chifukwa choti saona. Chris McCausland ndi wa zisudzo zoseketsa wa ku Liverpool, maso ake anafa pang'onopang'ono mpaka anasiyiratu kuona ali mnyamata wa zaka za m'ma 20. Anzake onse ankaphunzira poyang'ana mphunzitsi ndi kudziona pagalasi. Iye zimenezo analibe. Mphunzitsi wake Dianne Buswell ankachita kumufotokozera ndi pakamwa, kumugwira mkono n'kuuika poyenera, iye n'kumakhudza ndi manja kuti adziwe mmene phazi laimira. Kenako azikavina pamaso pa mamiliyoni a anthu osadziwa kuti bwalo lathera pati. Ngati anthu anamuvotera poona zimenezo, dzina lake si chisoni. Chisoni timamvera munthu amene walephera. Wochita chinthu chimene ife amaso awiri sitingachiyerekeze timamupatsa ulemu.

Ndiponso bambowa ndi Mmalawi, afunseni za malemu Allan Namoko wa ku Thyolo. Anali wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River. Kodi anthu ankavina nyimbo zake chifukwa chomumvera chisoni? Ine ndinavinako, ndipo ndikukuuzani kuti za maso ake sitinkaziganizira n'komwe, chiuno chinkangopita chokha.

Tsono nkhani yeniyeni ili apa. Bambowa akuti amanena za anthu a pa TV. Chris McCausland sanawamve. Ellie Goldstein sanawamve. A BBC sanawamve. Anawamva ndi mmodzi yekha, amene anakhala pa mpando womwewo, mwana amene timati samva bwino uja. Mawu amenewo ndiye anawamva onse, osatsala ndi limodzi lomwe. Mwana wa zaka 10 amadziwa kuwerengera: ngati adadi akuti wosaona amaomberedwa m'manja chifukwa cha chisoni, nanga ine wa timakina m'makutu? Makolo ambiri timalakwa pamenepa. Timayesa kuti pabalaza tikuyankhula ndi TV, pamene tikuphunzitsa ana mmene timaonera anthu, ndi mmene tingawaonere iwo. Lero ndi wolumala, mawa ndi wonenepa, mkuja ndi wakuda kwambiri. Mwana amangotola n'kudziyeza.

Inunso mayi ndikudzudzuleni. Masabata atatu osayankhulana? Mwanayo akuona, ndipo akudziwa kuti zinayamba tsiku limene anakuululirani za kumtima kwake. Mukapitiriza, aphunzira kuti kunena zimene zikumupweteka kumapasula nyumba, ndipo ulendo wina sadzakuuzaninso kanthu. Kufunya nkhope kutheretu lero.

Apezeni bambowa ana atagona, TV itazimitsidwa, osati Loweruka mpikisano uli mkati. Musayambe ndi mawu akuti "munalakwa". Mwamuna akamva mawu amenewo amayamba kumanga linga. Auzeni chiganizo cha mwana chija monga mmene anachinenera, mawu ndi mawu, kenako mukhale chete. Ndikukhulupirira kuti pamene munawauza koyamba munali mukulira ndi kukalipa, ndiye iwo anamva kukalipako, mwanayo sanamumve. Ine sindikuona bambo wodana ndi mwana wake pano. Mwinanso, ndikungoganiza, mumtima mwawo muli mantha akuti dziko lizidzamumvera chisoni mwana wawo, ndipo manthawo akutulukira pa TV. Afunseni. Akakanirirabe, kunjako ankhoswe ali kutali, koma foni ilipo. Imbirani ankhoswe anu ku Ntcheu, kapena pezani banja lachikulire limene bambowa amalilemekeza komweko.

Wokonza zimenezi ndi bambo, osati inu. Inu mukamuuza mwana kuti amavina bwino, aziti amayi akungonditonthoza. Amene anagwetsa ndi amene ayenera kudzutsa. Bambo, ngati tsambali lakupezani, kupepesa mwana wanu sikuchotsa ndevu. Khalani naye pansi, mumuyang'ane kumaso kuti aone milomo yanu, mumuuze kuti munayankhula mopanda nzeru. Musamuuze kuti "sindimanena iwe", chifukwa pamenepo mukutanthauza kuti za enawo munanena zoona.

Kenako muonere naye limodzi, pa intaneti zilipo, magule a Rose Ayling-Ellis. Ameneyu ndi mtsikana wa zisudzo amene anabadwa ndi vuto la kumva, ndipo anapambana mpikisano womwewu mu 2021. Ankavina powerengera m'mutu kagundidwe ka nyimbo. Pa gule wina, iye ndi mnzake Giovanni Pernice anazimitsa nyimbo pakati, n'kupitiriza kuvina kuli zii, kuti oonera alaweko mmene iye amakhalira. Mwana wanu aone yekha ngati kumeneko kunali kuvina kapena kupempha chisoni.

Musamukakamize kubwerera ku gulu lovina mawa lomwe, ndipo musamunyengerere ndi mphatso. Auzeni aphunzitsi ake mwakachetechete kuti amusungire malo. Akabwerera, tsiku loyamba ampereke ndi bambo ake. Ndipo akadzaphonya sitepe, bambo omwewo adzamuuze kuti apa waphonya, bwereza, monga mmene angauzire mwana wina aliyense. Mukamangomuyamikira chilichonse, funso lake lija libwereranso.

Mundilemberenso pakatha mwezi, ndimve ngati nsapato zovinira zatuluka m'kabati.

Agogo