Mwini Ng'oma ndi Woiimba, Osati Woigulitsa

Mbiri ya ng'oma zakale za asilikali inalembedwa mokondera, ndipo ife ophunzira tavomereza kukonderako mwa kukhala chete. Ng'oma yotere ikafika pamsika wa zinthu zamakedzana ku Ulaya, mtengo wake umatsamira pa chizindikiro cha amene anaipanga ndi kuigulitsa: Henry Potter & Co. ya ku London, kapena Hawkes & Son, imene inaphatikizana ndi Boosey & Co. mu 1930. Akatswiri amaifotokoza mwatsatanetsatane: chikopa cha thole, chingwe chokwera ndi kutsika m'mbali mwake, timakutu tachikopa timene amatikankhira pansi pokunga ng'omayo, ndi nsinga zonjenjemera pachikopa chakunsi. Koma ikakhala kuti inatumikira m'gulu la King's African Rifles, ndani amafunsa dzina la Mwafirika amene anaguba nayo padzuwa?

Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Zomba inali imodzi mwa malikulu ake. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918, imene Melvin Page anaifotokoza m'buku lake The Chiwaya War, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira utengatenga. Obwerera kwawo anafalitsa beni, gule amene anayambira kugombe la Aswahili m'zaka za m'ma 1890, ndipo malipenga ndi mganda ndi abale ake. Ndalama zoitanitsira ng'oma ku London analibe. Anasema mitengo, anakunga zikopa, ndipo zikho anazisandutsa malipenga.

Ngakhale Terence Ranger anaonetsa kuzama kwa guleyu mu 1975, alipobe onena kuti beni ndi kutsanzira azungu basi. Maganizo amenewa ndi aulesi. Liwu lakuti beni linachokeradi ku liwu la Chingerezi lakuti band, monga momwe buku linachokera ku book. Koma buku litalowa m'Chichewa linagonjera malamulo athu, nkukhala mabuku. Kodi wonena kuti "mabuku anga" akutsanzira Mngelezi? Chobwereka chimene chamvera galamala ya mwini nyumba chasanduka chake. Ng'oma ya perete nayonso inagonjera nyimbo zathu, mavinidwe athu, ngakhalenso chipongwe chathu pa atsamunda omwewo.

Ena adzati pakanapanda amalonda ndi osunga zakale, ng'omazi zikanadyedwa ndi chiswe. Nzoona. Komabe kusunga mtondo sikudziwa kusinja. Wogulitsa anasunga mtengo ndi chingwe. Kulira kwake kunatsala m'manja mwa anthu amene sanalembedwe m'kaundula aliyense.

Nkhaniyi ikupweteka kwambiri ku Harare. Amalawi opita kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni a Southern Rhodesia anatenga guleyu, ndipo kumeneko amadziwika kuti Beni Arinoti, dzina lochokera ku magulu a ku Tanganyika. Mdzukulu wawo wokhala ku Warren Park ali pafupi ndi National Heroes Acre, kumene ng'oma za asilikali zimalira poika maliro a ngwazi za dziko. Ng'oma imeneyo imapatsidwa ulemu, pamene ya agogo ake inanyozedwa kuti ndi ya mabhurandaya. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko lobadwira, ndipo ngakhale malamulo aakulu a 2013 anatsegula njira yobwezera unzikawo, sanabweze chinenero. Ana ambiri akukula ndi Chishona chokha, ndipo mawu a Chiyao ndi Chichewa a m'nyimbozo akusanduka phokoso lopanda tanthauzo kwa iwo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ophunzira za zinenero ndi mbiri ku University of Malawi ndi ku University of Zimbabwe asadikire kuti wamalonda wa ku London awauze chamtengo wapatali. Apite kwa okalamba amene atsala, alembe maina a oimba ng'oma ndi osema ake, ajambule nyimbo, asonkhanitse mawu a maudindo ndi a zipangizo. Ng'oma ya Potter idzakhalapobe m'kabati yagalasi zaka zina 100. Nkhalamba yodziwa chimene ng'oma ya beni inkanena ilibe zaka zoterozo.