Nambala ya patenti muziiwerenga, musamangoidumpha

Pa katundu wina wolowera pa chipata cha Mwami, monga nyali za sola, pamalembedwa nambala ya patenti. Ambiri timangoidumpha. Ine ndikuti wophunzira sayansi aliyense azidziwa kuiwerenga.

Zilembo ziwiri zoyambirira zimatchula ofesi: MW ndi Malawi, ZM ndi Zambia, US ndi America. AP ndi ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe Malawi ndi Zambia ndi mamembala ake. Nambala ya pempho la patenti kumeneko imayamba ndi AP/P, kenako chaka, kenako nambala ya pamzere.

Chenjerani ndi WO. Zilembozi zimangosonyeza kuti pempho lasindikizidwa ndi WIPO ku Geneva, kawirikawiri patatha miyezi 18. Patenti ya dziko lonse lapansi kulibe. Onaninso kumapeto kwa nambala: ku America, A1 ndi pempho chabe, pomwe B2 ndi patenti yoperekedwa.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, izi sizibwera pa MSCE." Zoona, sizibwera. Koma lembani US 223898 pa Google Patents muone: patuluka chojambula cha babu la Thomas Edison la 1880, kwaulere. M'maiko ambiri patenti imatha pakadutsa zaka 20, ndipo imagwira ntchito kokha kumene inaperekedwa. Ndiye amene sawerenga nambala amaopa kupanga chinthu chomwe lamulo silikumuletsa, kapena amataya chaka chathunthu akuvutika ndi chomwe wina anajambula kalekale.