Kumene kuli moyo, dothi silikhala chete

Mwezi watha ndili kwathu ku Kasinje, ndinapeza agogo m'dimba atanyamula chibuma m'manja, akuchiphwanya pang'onopang'ono. "Taona mwanawe," anatero, "nyongolotsi zatha muno. Kale ukangoponya khasu, zinkatuluka zokha."

Ine ndinaseka. Nyongolotsi n'zodandaula nazo? Koma nditabwerera m'tauni, nkhaniyi inakana kundichoka m'mutu.

Pansi pa nyanja zikuluzikulu za mchere, kumene dzuwa silifika, kuli tinyongolotsi, nkhono ndi tizilombo tina tokumba mauna m'matope. Tikamakumba ndi kudya, timasakaniza matope a pamwamba, pafupifupi masentimita 10, n'kulowetsamo mpweya wa okosijeni. Matopewo akauma n'kusanduka mwala, mauna aja amatsala ngati zidindo, ndipo akatswiri amawawerenga ngati mmene mlenje amawerengera mapazi a nyama.

Nyanja ya Malawi ili ndi nkhani yake. Imazama mpaka mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 250 m'madzi mulibe okosijeni. Tizilombo tokumba sitikhalako, choncho matope amangogona mosanjikizana, osasokonezedwa. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanjayi n'kutulutsa matope osunga mbiri ya mvula ndi chilala ya zaka zoposa miliyoni imodzi.

Ndiye taonani: matope osakhudzidwa ndi chuma kwa wofufuza, koma kwa mlimi dothi lotere ndi tsoka. Munda umafuna okumba. Charles Darwin anachiona ichi, moti mu 1881 anatulutsa buku lathunthu la nyongolotsi. Mauna awo ndiwo misewu ya madzi a mvula ndi mizu ya chimanga. N'chifukwa chake ngakhale pachulu pa chiswe mbewu zimakondwa.

Nanga ife timatani? Chilimwe chikafika, moto uli lawilawi m'minda, ati tikusaka mbewa kapena tikusosa. Inenso ndinkatentha nawo ndili mwana, sindikana. Mapesi amene akanadyetsa nyongolotsi amasanduka phulusa, dothi limagwa poyera, mvula yoyamba n'kulikokolola. Kenako timadandaula kuti feteleza wadula.

Chaka chino tagwirizana ndi agogo kuti theka la munda tiphimbira ndi mapesi, osatentha. Pokolola ndidzapitanso ndi khasu, tikawerenge nyongolotsi. Inunso mukapita kumudzi, kaphwanyeni chibuma chimodzi muone ngati muli alendo.