Za Lamya Yotenga Pangongole

Tikulemberani za cinthu cimene cafala pakati pa ana anu okhala ku Lilongwe, ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 23 ndi ku Area 25. Ndico kutenga lamya ya m'manja, ija yosisita ndi cala, munthu asanalipire mtengo wace wonse. Apereka ndalama pang'ono poyamba, napita nayo kwao. Zotsalazo azilipira sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ife titi malonda awa ndiwo msampha.

Taonani, lamyayo siikhala yace kufikira atalipira tambala wotsiriza. Ogulitsa aikamo loko wosaoneka ndi maso, ndipo tsiku la kulipira likapitirira, aitseka ali kutali, osatuma mthenga. Nanga munthu wa ganyu alephera liti? Si mu Januwale ndi Febuluwale kodi, ufa utakwera mtengo, mwini nyumba ali pakhomo? Nthawi yomweyo, pamene inu mufuna kumdziwitsa kuti amace adwala, uthenga wanu wa pa WhatsApp sumfika. Makolo athu a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu analidziwa thangata: munthu akhala pa malo nawayesa ace, koma akalephera nchito ya mwini, amcotsa. Thangata linathetsedwa mu 1962. Kodi ife tilibweze, tiziyenda nalo m'thumba?

Werengani mtengo wacenso. Wogulitsa achula ndalama ya sabata limodzi, pakuti imveka yopepuka. Koma caka ciri ndi masabata 52. Muonkhetse zonsezo pamodzi ndi zoyamba zija, mulinganize ndi mtengo wa Itel kapena Tecno yomweyo m'sitolo, ndipo mudzapeza kuti wosauka ndiye alipira zambiri koposa wolemera. Ndiponso lamya ikabedwa m'minibasi, kapena ikagwa m'madzi, ngongole siifa nayo iai.

Ena adzati, Nanga tisunge bwanji, popeza kwaca isungunuka? Mu Mei 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100, ndipo wosunga m'citini anaona mtengo ulikumthawa. Mau awa ndi oona, sitiwakana. Koma mankhwala ace tiri nawo kale. Ciripo cipereganyu, cimene anthu asonkha napatsana ndalama yonse mmodzi mmodzi. Iripo banki m'khonde, imene phindu lace libwerera kwa eni ace pogawana. Kumeneko mbale akadwala, anzace amva mau ace namlezera mtima. Loko wa m'lamya alibe makutu. Iye amene lamya imdyetsa tsiku ndi tsiku pa malonda ace, awerenge bwino, asankhe yekha. Koma wofuna kuoneka pa ukwati ndi pa maliro, tim'cenjeza.

Cifukwa cace inu akulu a mpingo, ndi inu amai a Cigwirizano, langizani ana anu pamene abwera kudzaceza. Agule yaing'ono imene angathe kulipira lero, ngakhale ya mabatani, nayembekeze yaikuluyo. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.