Supu wa ma noodles ndi chikomyunizimu ndi pachibale

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiseke pang'ono ndi anzanga a mu Lilongwe. M'masitolo a ku Old Town mwadzaza timapaketi ta ma noodles, tizingwe ta ufa wa tirigu tija timapsa msanga. Ine ndaona kuti supu wake ndi chikomyunizimu adabadwa bere limodzi.

Choyamba, papaketi amajambulapo nkhuku yonona, koma mukang'amba mupeza kaufa konunkhira nkhuku, mwini wake kulibe. Chikomekome cha mkuyu! Nachonso chikomyunizimu chidalonjeza kuti onse adzakhuta mofanana, koma ku China anthu mamiliyoni adafa ndi njala pakati pa 1959 ndi 1961, ndipo ku Soviet Union ankafola mizere ya chakudya mpaka dzikolo lidaphwasuka mu 1991.

Chachiwiri, odya akachuluka wophika amangothiramo madzi n'kulengeza kuti chakudya chakwanira. Chachitatu, ngati mumphikamo mwagwera nyama, imakhala pansi, ndipo amaivuula ndi yekhayo wagwira chipande.

Komatu tisaseke kwambiri. Kamuzu ankadana nacho chikomyunizimu, ubale wathu udali ndi Taiwan kuyambira 1966, koma nafenso tidali ndi mphika umodzi ndi wophika mmodzi mpaka riferendamu ya 1993. Wodandaula kuti mchere wachepa ankakagona ku Mikuyu.

Mu Disembala 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidatembenukira ku Beijing. Apo n'kuti anzathuwo atasintha kale kaphikidwe, poti kuyambira 1978 Deng Xiaoping adalola malonda, n'kusiya dzina lokha lachikomyunizimu pamphikapo. Adatimangira Nyumba ya Malamulo ku City Centre, yomwe idatsegulidwa mu 2010, ndi Bingu National Stadium ku Area 48, yomwe idatsegulidwa mu 2017. Zokongola ndithu, koma sitediyamuyo ndi ya ngongole. Walira mvula walira matope.

Tsono funso langa ndi ili: chipande wagwira ndani muno mu Lilongwe? Bwana wa ku Area 10 kapena Area 43 amadya ma noodles kulesitilanti, ndi timitengo tiwiri, nyama ili yamtundumtundu. Mnyamata wonyamula katundu kudepoti ya basi ku Old Town akapeza kapaketi kamodzi amagawana ndi mnzake, madzi ambiri. Koma pobweza ngongole onse awiri alipo, poti msonkho wa pasopo susankha nkhope. Chikomyunizimu chathu chili pamenepo basi.

Pempho langa kwa aphungu okhala m'nyumba yokongolayo ndi lakuti musanavomereze ngongole iliyonse, ya ku China kapena kwina, tiwerengereni pawailesi m'Chichewa ndalama zake, chiwongoladzanja ndi zaka zobwezera. Tidziwe zili mumphika tisanatenge mbale.

Wakwiya ndi mfiti.

Wokonda Nsima,
Area 2, Lilongwe.