Musamukalipire mwana wophwasula wailesi

Pamsika wa Furancungo ndinapeza mayi akukalipira mwana wake. Mlandu wake unali wakuti anaphwasula sipika ya wailesi yakufa, n'kuchotsamo maginito, n'kuwaponya pambaula ya makala. Atazizira, maginito aja anakana kukoka ngakhale msomali umodzi. "Waononga iwe!" anatero mayiwo. Zinandiwawa, chifukwa mwanayo anali atangotulukira yekha mfundo imene akatswiri akudyerapo kunjaku.

Maginito akapsa amataya mphamvu. A m'sipika amafooka pa madigiri pafupifupi 450, chitsulo pa 770. Tsono ena anafunsa kuti, bwanji m'malo mwa moto tiyese kuwala? Mu 1996 ku Strasbourg, Jean-Yves Bigot ndi anzake anawomba nickel ndi kuwala kwa laser, ndipo mphamvu yake yokoka inatsika pa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo triliyoni a sekondi. Mu 2007 ku Nijmegen akatswiri ena anapitirira apo: anatembenuza maginito ndi kuwala kokha, kumpoto kukhala kummwera. Paja mu hadi disiki zithunzi zathu ndi nyimbo zimasungidwa ngati timaginito tosaoneka ndi maso, tina topenya uku tina uko. Wotitembenuza msanga ndiye amasunga zambiri mofulumira. Kampani ya Seagate ikugulitsa kale ma disiki amene laser imatenthetsa kamalo kolembapo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthuwa anadekha zaka, ndipo sindikhulupirira kuti ali ana ankakalipiridwa akagwira chitsulo.

Apa ndiye pamene mtima wanga umabwadamuka. Chitsulo chimene anayesera ku Nijmegen chinali ndi gadolinium, wa m'gulu la miyala yosowa yonga imene makampani akunja akhala akufufuza ku Monte Muambe, ku Moatize konkuno. Magetsi ambiri a Cahora Bassa amalowera ku South Africa. Malasha amatuluka, fodya wathu wa Macanga amatuluka, mbatata za Tsangano zimatuluka. Kodi tidzakhala otola ndi onyamula mpaka liti? Mwana wathu amaloweza za maginito pabolodi, mayeso n'kukhoza, koma kampasi sanaigwirepo.

Sindikupempha laser ayi. Akuluakulu a maphunziro, tumizani maginito, mabatire, mawaya ndi magalasi m'masukulu akumidzi kuno. Nanu makolo, wailesi ikafa mupatseni mwana aiphwasule.