Siginecha ya mu logbook si malonda

Asisi amene muli ku sukulu ya unamwino, tiyeni tikambe za ku ma ward.

Dipuloma zaka zitatu, digiri zinayi, ndipo nthawi yambiri umathera ku chipatala: kutsuka mabala, kubereketsa azimayi, ma night osaphethira. Ntchito yonseyi imafuna siginecha mu logbook. Popanda siginecha sumaliza, ndipo mayeso a Nurses Council ungowamvera kwa anzako. Ndiye pali azibambo ena oyang'anira ophunzira amene anazindikira kuti cholembera chawo ndi nyambo. "Ubwere ku ofesi madzulo ndidzakusainire." Madzulo ake ati? Bwanji osasaina pompano, anthu akuona?

Ukadandaula, amvekere ndi mmene alili, uzingomuzemba. Umuzemba bwanji munthu amene wagwira tsogolo lako m'manja? Gender Equality Act ya 2013 imati khalidwe lotereli ndi mlandu: chindapusa cha K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende.

Makoleji ndi zipatala, wophunzira akanena, wochoka pa ward akhale bamboyo, osati mtsikanayo. Inu asisi, ma meseji ake musafufute. Jambulani, tumizirani mnzanu wodalirika asunge.